Chimbale cha a Nason

Phukusi linafika Lachitatu, patatha miyezi isanu chiwaikire bambo m'manda. Linafikira pa sitolo ya mai Maidei ku Raffingora, chifukwa komboni yathu ilibe adiresi yoti munthu wa ku Ulaya n'kuilemba pa envulopu. Mai Maidei ananditumizira uthenga pa foni: bwera udzatenge katundu wako, akundidyera malo pa shelefu ya shuga.

Linali lathyathyathya, lalikulu ngati lichero.

"Kalendala?" anandifunsa akundipatsira.

"Mbale."

"Mbale mpaka kuitanitsa ku Ulaya? Zakuno zatha?"

"Ya nyimbo, mai. Ya galamafoni."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Ndiye uiimbira pa chiyani, Reason? Pa mbaula?"

Ndinatuluka m'sitolomo. Ndinakatsegulira phukusilo pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, kutali ndi maso a anthu odikira kombi. Pa chikuto panali chithunzi cha anyamata anayi ataima kutsogolo kwa balani ya fodya, mabuluku otambalala kumapazi, tsitsi la nyankhalala. Wachiwiri kuchokera kumanzere anali atakoleka gitala m'khosi, akuseka mano onse pamtunda. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinakhala nawo m'nyumba imodzi zaka makumi awiri ndi zinayi, koma kuseka kotero sindinakuonepo pa nkhope ya bambo anga, a Nason Chimtengo.

Pamwamba panalembedwa dzina la bandi, MABALANI, ndi dzina la chimbale, TILIBE MUDZI. M'munsi mwake, m'zilembo zing'onozing'ono, munali kumasulira kwake m'Chingerezi. Kumasulirako kunali kwanga. Kuseri kwa chikuto anali atandithokoza ndi dzina langa lonse.

Za bandiyi ndinazimva mochedwa. Kwa ine bambo anali munthu wa moto: nyengo ya fodya ikafika, ndiwo ankasonkhezera ng'anjo za mabalani, kulowa ndi kutuluka mu utsi, kupima kutentha ndi tsaya lawo asanayang'ane n'komwe pa geji. Azungu atachoka pa famu, eni atsopano anawasunga chifukwa cha tsaya lomwelo. Lamulungu ankavala jekete n'kukakhala kumbuyo m'tchalitchi, osaimba. Amayi anamwalira ndili sitandade... ndili giredi faifi, monga timanenera kuno. Mlongo wanga Everjoy ali ku Joni, amatumiza zithunzi za ana ake. Tinatsala awiri.

Ndinali m'chaka chachiwiri ku koleji ku Chinhoyi pamene mawu a bambo anayamba kusasa. Tinkati ndi chimfine. Kuchipatala anatiuza kuti ndi chotupa cha pakhosi, ndipo atawachita opaleshoni mawuwo anatheratu. Ndinabwera kunyumba ndi chikwama chimodzi, ndikuti ndikhala sabata ziwiri. Mabuku anga ali m'chikwamamo mpaka lero.

Tinapangana njira yolankhulirana. Supuni ndi kapu yachitsulo: kugogoda kamodzi ndiye inde, kawiri ndiye ayi. Tinakhala choncho chaka ndi theka. Ndipo chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale Everjoy, n'chakuti m'chaka ndi theka chimenecho mawu a bambo anandithawa m'mutu. Zimene ankanena ndinkazikumbukira bwinobwino. Koma ndikayesa kuzimva, zinkabwera m'mawu anga, kapena a abusa, kapena a munthu wa pa wailesi. Ndikati bambo, m'makutu mwanga munkangolira supuni pa kapu.

M'miyezi yawo yomaliza ndi pamene mzungu wina wamkazi wa ku Ulaya anatipeza pa foni. Ntchito yake ndi kufukula nyimbo zakale zoiwalika n'kuzidindanso pa mbale zakuda zija za galamafoni. Anati anapeza tepi ya chimbale chimene anyamata anayi a pa famu anajambula ku Harare mu 1981, choyamba ndi chomaliza chomwe, nyimbo za roko, magitala aukali. Anati woimba wake anali Nason Chimtengo. Ndinayang'ana nkhalamba imene inali gone pa mphasa, mafupa okhaokha.

"Bambo, munali ndi bandi inu?"

Anagogoda kamodzi, maso ali kudenga.

Chilolezo anapereka okha, ndi kugogoda kumodzi komweko. Ndinamupempha mzunguyo kuti atitumizireko nyimbo imodzi pa foni. Anapepesa kwambiri, anati tepi ili kwa akatswiri akuikonza, ndipo nyimbozi zidzatuluka pa mbale pokha, zokwana mazana asanu, kwa anthu okonda zinthu zotere. Anthu okonda zinthu zotere! Kenako anandipempha kuti ndimumasulire maina a nyimbo.

Ndinakhala m'mbali mwa mphasa ndi foni m'manja, mtima ukudumpha kuti tsopano koleji yanga yagwira ntchito. Tilibe Mudzi. Sindinaganize kawiri. Ndinalemba Chingerezi chake, ndinachiwerenga mokweza kuti bambo amve mmene mwana wawo amachidziwira.

Anagogoda kawiri.

"Mukufuna madzi?"

Kawiri.

"Ndikutembenuzeni?"

Kawiri, mwamphamvu, mpaka kapu inagwa. Analoza foni. Anatsegula pakamwa, panangotuluka mphepo. Tsiku limenelo ndinali nditachapa zofunda kawiri, phala atalibweza, ndipo ndinali nditatopa ndi kulosera zimene supuni ikutanthauza.

"Ichi n'Chingerezi, bambo," ndinatero. "Chisiyireni ine. Inu mumadziwa za fodya."

Ndinatumiza uthengawo iwo akuona. Anaika supuni pansi pang'onopang'ono n'kutembenukira kukhoma. Patatha sabata zitatu tinawaika kumanda a antchito, kumalire a famu, kuseri kwa damu.

Tsono ndinali nditakhala pansi pa mtengo, mawu a bambo ali m'manja mwanga, atatsekeredwa m'chinthu chakuda chimene palibe munthu pa komboni yonse anali ndi choimbira chake. Ndinaitulutsa mbaleyo n'kuipendeketsa pa dzuwa. Timizere tokhatokha, tozungulira. Ndinaiika pa khutu, ngati chitsiru.

Masiku anayi ndinayenda nayo. Kutchalitchi anati galamafoni yawo inatha kalekale. Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito anandionetsa yake, m'kati mwake mukuikira nkhuku. Madzulo ndinkaiimika mbaleyo pa mpando wa bambo, ine n'kudya sadza yanga moyang'anana nayo. Tsiku lachisanu ndinawerenganso maina a kuseri kwa chikuto. A Samson a ng'oma ndi a Fanuel a gitala yachiwiri, onse anapita kale. Koma a Faustino, a gitala ya besi, ndinawakumbukira. Anabwera pa maliro, nkhalamba yaitali ya chipewa chofiira, inakhala payokha, n'kuchoka tisanadye. Wina ananena kuti amakhala ku Mutorashanga ndipo amakonza mawailesi.

Ndinakwera mushikashika, kagalimoto koyenera anthu anayi, ife tili asanu ndi atatu. Mbale ndinaikumbatira pachifuwa njira yonse, mayi wina akudandaula kuti ngodya yake ikumubaya nthiti. Minda ya fodya inatha, panayamba mapiri ouma okumbidwakumbidwa ndi anthu ofuna miyala ya kromu. Ndinatsika dzuwa lili pamutu.

A Faustino ndinawapeza pakhonde, atawerama pa wailesi yotsegula m'mimba. Makolo awo anachokera ku Tete, ndipo Chinyanja chawo n'chakale, cholemera, chopanda Chishona chambiri ngati chathu.

"Odi, sekuru," ndinatero, monga timaitanira agogo kuno.

Anadzutsa mutu. "Mwana wa Nason. Mphuno imeneyo singasokere." Anaona chimene ndinanyamula. "Kodi nawenso akutumizira? Yanga akuti ili m'njira. Mwina ikubwera wapansi."

"Ndilibe poimbira."

"Nanga ukanakhala napo ukanabwera kudzaona nkhalamba? Lowa."

M'nyumba munali mawailesi akufa mpaka kudenga. Akazi awo, anandiuza, anamwalira chaka cha dzana, ana ali ku Beira. Pakona panali chinthu chofunditsidwa nsalu ya tebulo. Anaivundukula ngati akuvula chipewa m'tchalitchi. Galamafoni yamatabwa, yopukutidwa bwino. Magetsi kunalibe, ndiye anailumikiza ku batire ya galimoto imene inali pansi pa bedi, akung'ung'udza.

Kenako anatenga chikuto n'kuvala magalasi omangidwa ndi waya.

"Taonani Samson! Buluku limenelo anabwereka kwa kalaliki wa pa famu. Fanuel apa anali ndi matsire. Ine ndi uyu, wokongola yekhayu." Chala chawo chinaima pa bambo. Chinatsikira pa zilembo zing'onozing'ono. "Apa alemba chiyani? Chizungu cha timalemba totere maso anga amachikana."

"Ndi dzina la chimbale, sekuru. M'Chingerezi."

"Likuti bwanji?"

"Likuti chimodzimodzi. Kuti tilibe midzi, ija ya mtengo." Ndinatambasula zala zanga kuloza pansi, kusonyeza mmene imalowera m'nthaka.

A Faustino anayang'ana zala zangazo. Anayang'ana ine.

"Imeneyo ndi mizu."

"Eya, mudzi, midzi. Ya mtengo."

"Pa Chishona! Pa Chishona, mwanawe! Pa chinenero cha amako, chimenecho ndi muzu. Mudzi ndi pokhala anthu. Musha, ngati ukufuna ndikuuze m'chilankhulo cha kusukulu kwako." Anamenya chikuto ndi kuseri kwa dzanja. "Tilibe mizu? Ndani ananena za mizu? Ndi mbuzi iti ya ku Harare imene yamasulira zimenezi?"

Liwu lakuti kumudzi ndinakula ndikulimva tsiku ndi tsiku. Koma kwa ife ana a pa komboni, kumudzi linali dzina lina la Malawi, dziko limene agogo anachokako wapansi ndipo palibe mmodzi wa ife analipondapo. Malo amene tinkagona tinkati komboni. Kwawo kwa anzathu a kusukulu tinkati kumusha. Liwu lakuti mudzi, lili lokhalokha chonchi, ndinakumana nalo pa bolodi giredi thu, mphunzitsi atajambula mtengo n'kuloza kunsi kwake. Ndipo bambo, amene Chingerezi chawo chinali cha ku nazale ya fodya, liwu limodzi limene sakanalisokoneza linali lomwelo la mizu. Analimva kwa kapitawo wachizungu zaka makumi awiri.

"Ndine," ndinatero.

"Wati chiyani?"

"Mbuziyo ndine, sekuru. Dzina langa lili kuseriko."

Anatembenuza chikuto, anachibweza. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Nason anaziona?"

"Ndinawawerengera. Anakana. Ndinawauza kuti iwo amadziwa za fodya."

A Faustino anakhala pa bedi. Panja galimoto yonyamula miyala inadutsa, mawailesi akufa aja ananjenjemera pa mashelefu.

"Mizu tinali nayo," anatero, mawu atatsika. "Bambo ako ankatchula agogo awo asanu ndi awiri osapumira, mpaka phiri la ku Dedza kumene anaikidwa. Chimene tinalibe ndi kopita. Khirisimasi ikafika, anzathu onse ankakwera basi kupita kumusha ndi mabulangete atsopano. Pa komboni tinkatsala ife mabhurandaya, ochokera ku Malawi, ndi ife a ku Tete, kudyetsa ng'ombe za mzungu. Nyimboyo anaipeka tsiku la Khirisimasi, titakhala pa mulu wa nkhuni za balani. Koma zoti anthu opanda mizu, amenewo anali mawu otitukwanira ku bhawa, komwera mowa. Tsiku lina ku Banket munthu anatikuwa choncho tili pa siteji. Bambo ako anatsika ndi gitala yomwe. Mphuno ya munthu uja inapindika, gitala inathyoka khosi, bandi inathera pomwepo."

"Sanandiuzepo."

"Akanakuuza chiyani? Kuti anali ndi gitala imodzi, anaithyolera pa nkhope ya chidakwa?"

Ndinayang'ana chikuto chili pa maondo awo. Mazana asanu. M'nyumba za anthu okonda zinthu zotere, m'mizinda imene sindidzaiona, bambo anga akuseka mano onse pamtunda, ndipo pansi pa mapazi awo pali chitukwano chimene anathyolera gitala, cholembedwa ndi mwana wawo wa ku koleji.

Ndinaimirira. "Ndapita, sekuru. Mbaleyo ikhale yanu."

"Khala pansi, iwe. Wandithetsera batire pachabe? Unabwera kudzamva bambo ako kapena kudzawerenga chikuto?"

Anaika mbale, anauzira singano, anaitsitsa. Kunamveka kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pa moto. Kenako ng'oma, kenako magitala, phokoso ngati chigayo chalusa, ndipo pamwamba pa zonsezo mawu a mnyamata, okwera, akuthwa, osaopa kanthu.

*Basi yapita, fumbi latsala,*
*anzathu apita kwawo.*
*Tsekula khola, ng'ombe zalira,*
*tilibe mudzi, tilibe mudzi.*

A Faustino anatseka maso, zala zawo zikuyenda pa bondo. Ine ndinatchera khutu ndi thupi lonse. Ndinadikira kuti china chake chitseguke m'chifuwa mwanga. Sichinatseguke. Woimbayo anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mng'ono wanga. Ankaimba bwino, koma sindinkamudziwa. Sanali munthu amene ankandidzutsa m'mawa kuti ndikatunge madzi. Nyimbo inatha, inayamba ina, ndi inanso. A Faustino anatembenuza mbale. Ndinakhala pa mpando wa eni, m'nyumba ya eni, ndikumvetsera mlendo akukuwa, ndipo sindinakhalepo ndekha chomwecho, ngakhale tsiku la maliro.

Nyimbo yomaliza inayamba ndi besi yokha. Inangoyenda pang'ono n'kuphonya. Ng'oma zinasokonekera, zonse zinaima. Ndinaganiza kuti batire yatha. Koma mbale inali ikuzungulirabe, ndipo m'kuthetheka muja munthu analankhula, pafupi, ngati ali kuseri kwa kabati.

"Ayi, ayi. Si choncho, Faustino." Kakuseka kakafupi kotulukira m'mphuno. "Tiyambirenso."

Anali iwo.

Osati woimba uja. Awa anali mawu apansi, olemera, okoka ayi wachiwiri pang'ono, amene anandiphunzitsa kumanga mtolo wa fodya, kukwera njinga, kunola khasu. Ayi, ayi, si choncho, Reason. Ndi kakuseka komweko, kamene ndinali nditakaiwaliratu kuti kamabwera pambuyo pake nthawi zonse.

"Ha! Mpaka aikamo ndi zimenezi?" a Faustino anakuwa. "Pa mbale yakale anadula! Zaka makumi anayi ndakhala ndikuuza anthu kuti sindinaphonyepo, lero mzungu wandiyalutsa dziko lonse."

"Bwezani, sekuru."

"Ndibweze manyazi anga?"

"Chonde. Pamene akulankhulapo."

Anandiyang'ana kumaso, anasiya nthabwala. Ananyamula singano, anaibweza. Besi, kuphonya, chete. Ayi, ayi. Kawiri, ngati supuni pa kapu. Ndinagwira m'mphepete mwa mpando.

"Kachikenanso."

"Manja anga amanjenjemera, ndikukandira mbale. Bwera kuno. Gwira apa, ndi chala chimodzi. Waona kamzere kosalala ako, pakati pa nyimbo ndi nyimbo? Tsitsa pamenepo. Pang'onopang'ono, si khasu limenelo."

Ulendo woyamba ndinagwetsa singano pakati pa nyimbo ina. Wachiwiri ndinapapeza. A Faustino anatuluka panja, anati akukaona wailesi ija, ngakhale ndinawaona pa zenera atangokhala, chipewa chili pa maondo. Sindikudziwa kuti ndinabweza kangati. Ndinasiya pamene mawu a bambo anayamba kukoka, kunenepa, batire ikufooka.

Atalowanso ndinawapempha cholembera. Anandipatsa bolopeni yofiira ya m'bokosi la masikuluwu. Ndinakhwatcha Chingerezi changa pa chikuto, mzere umodzi, n'kulemba cholondola pamwamba pake. Bolopeniyo inkakana pa pepala loterera, ndinachita kudinikiza mpaka zilembo zinaboola.

"Imodzi yatheka," a Faustino anatero. "Yanga ikafika udzakonzenso. Zinazo ukazitsata pa njinga."

Mzungu uja ndinamulembera ndili pakhonde pomwepo. Anayankha msanga, mopepesa monga mwa nthawi zonse. Anati zonse zinagulidwa kale, koma ngati adzadindenso, adzakonza. Ngati.

Mbale ndinaisiya ku Mutorashanga, kumene kuli singano. A Faustino anati batire amakaitchajitsa Lachisanu, ndiye ndizibwera Loweruka, ndipo ndizibwera ndi shuga chifukwa iwo si hotela. Ine ndinatenga chikuto chokha.

Ndinatsika mushikashika pa mphambano ya famu dzuwa likadalipo. M'malo molowera ku komboni ndinadzera njira ya kudamu. Manda a antchito alibe mpanda. Chimanga cha mwini famu chafika mpaka pa mitanda yoyambirira, ndipo chaka chilichonse chimaonjezera mzere umodzi. Pa mtumbira wa bambo panali patamera chisoso. Ndinatsamiritsa chikuto pa mtanda, chithunzi chikuyang'ana kwa ine, ndinagwada n'kuyamba kuzula.

"Ndamva, bambo," ndinatero. "Mudzi."

Ndinatola kamwala n'kugogoda pa mtanda wachitsulo, kamodzi. Kenako ndinapitiriza kuzula, chifukwa udzu unali wambiri ndipo kunali kusanade.